Momwe Germany inagawikira popanda wosainira kuti igawike

Chiyambireni nkhondo yaikulu ya Russia ndi Ukraine mu Febuluwale 2022, pali nkhani imene sisowa pa wailesi: akuti mu 1990 mayiko a kumadzulo analonjeza Moscow, likulu la Soviet Union (dziko limene Russia inali mbali yake yaikulu), kuti gulu lawo lankhondo la NATO silidzasendera kum'mawa. A ku Russia amati lonjezolo linaperekedwa ndipo linaphwanyidwa. A ku America amayankha kuti aonetsedwe pepala pamene panalembedwa zimenezo. Womvera amatsala m'malere, makamaka akauzidwa kuti zokambirana za mu 1990 sizinali za Ukraine n'komwe. Zinali za Germany, ndipo zinali zotseka mlandu umene unakhala pa tebulo zaka 45.

Chodabwitsa pa mlanduwu n'chakuti palibe msonkhano umene mayiko opambana nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anagwirizanapo kuti Germany ikhale mayiko awiri. Maganizo oti aiduledule analipo nkhondo ili mkati, koma pofika pakati pa 1945 atsogoleri a America, Britain ndi Soviet Union anali atawasiya, ndipo pa pepala ankati dzikolo n'limodzi. Chinaligawa ndi nkhani zimene anazisiya kuti adzakambirana mawa, komanso zina zimene anangogwirizana pakamwa.

Zigawo zinayi

Nkhondo zambiri zimatha ndi pangano la mtendere. Wogonja ndi wopambana amakhala pansi, amalemba za malire, za ngongole ndi za kuchuluka kwa asilikali, n'kusainirana. Germany itagonja pa 8 Meyi 1945 panalibe woti asainirane naye. Hitler anali atadzipha, otsala a boma lake anamangidwa mwezi womwewo, ndipo pa 5 Juni akuluakulu a asilikali a America, Britain, Soviet Union ndi France analengeza kuti mphamvu zonse za boma, kuyambira kulikulu mpaka ku khonsolo ya m'tauni, azitenga iwo.

Chigawo, m'nkhani ino, ndi dera limene asilikali a dziko limodzi lopambana ankayang'anira. Mizere yake inajambulidwa ku London mu 1944 ndi kagulu ka akazembe, cholinga chake chikungokhala choti asilikali ogwirizana asadzapondane mapazi. Soviet Union inapatsidwa kum'mawa, America kumwera, Britain kumpoto cha kumadzulo komwe kuli migodi ya malasha ndi mafakitale a zitsulo a ku Ruhr. France inalowa mochedwa. Pa msonkhano wa ku Yalta mu Febuluwale 1945 Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anavomera kuti nayo ikhale ndi chigawo, bola chidulidwe ku mbali ya Britain ndi America. Mzinda wa Berlin unali mkati mwenimweni mwa chigawo cha Soviet Union, makilomita pafupifupi 160 kuchokera kumalire a zigawo zinazo, ndipo nawo unagawidwa panayi.

Poyamba mizereyi inalemekezedwa. Asilikali a America anali atadutsa mzere wawo mpaka kufika ku Leipzig, koma mu Julayi 1945 anabwerera, n'kulowa m'malo awo mu Berlin. Zokhudza dziko lonse zinaikidwa m'manja mwa bungwe la akuluakulu a asilikali anayi aja, la Allied Control Council, ndipo lamulo lake linali lakuti palibe chingachitike pokhapokha onse anayi atavomera.

Zinali ngati nyumba ya masiye imene abale anayi agwirizana kuti aliyense asunge chipinda chimodzi podikira tsiku logawa chuma, koma denga silingakhudzidwe mpaka onse atati inde. Tsikulo likamachedwa, aliyense amagula loko wake, ndipo mvula ikayamba kudontha amakhoma malata pamwamba pa chipinda chake chokha.

Woyamba kugwiritsa ntchito mphamvu yokana sanali Stalin. Inali France. Dzikoli linali litalowereredwa ndi asilikali a Germany mu 1870, mu 1914 ndi mu 1940, ndipo silinkafuna kumva za Germany yokhala ndi likulu limodzi lamphamvu. Chakumapeto kwa 1945 linakana kwamtuwagalu kuti pakhazikitsidwe maofesi a dziko lonse oona za njanji, za ndalama ndi za malonda. Amene amangoloza chala America kapena Soviet Union kawirikawiri amaiwala zimenezi.

Chipukutamisozi

Msonkhano umene unayala mfundo zoyendetsera Germany unachitikira ku Potsdam, pafupi ndi Berlin, kuyambira pa 17 Julayi mpaka pa 2 Ogasiti 1945. Panali Truman wa ku America, Stalin ndi Churchill wa ku Britain, koma Churchill anagwa pa chisankho kwawo msonkhano uli mkati, ndipo pampando wake panakhala Attlee. France sinaitanidwe, n'chifukwa chake inkati mfundo za kumeneko sizikuimanga.

Anagwirizana kuti Germany ilandidwe zida, chipani cha Nazi chithetsedwe, ndipo chuma cha dzikolo chiyendetsedwe ngati cha dziko limodzi. Madera a kum'mawa kwa mitsinje ya Oder ndi Neisse anaikidwa m'manja mwa Poland, ndipo mzinda wa Königsberg, umene lero ndi Kaliningrad, m'manja mwa Soviet Union. Malire enieni anati adzawatsimikiza pa pangano la mtendere. Podikira pangano limenelo, Ajeremani pafupifupi 12 miliyoni anathawa kapena kuthamangitsidwa m'madera amenewa ndi m'mayiko oyandikana nawo.

Chimene chinaswa mgwirizano ndi chipukutamisozi, kutanthauza katundu kapena ndalama zimene dziko logonja limalipira kwa amene linawawonongera. Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni, ndipo mizinda yake ya kumadzulo inali mabwinja okhaokha. Ku Yalta inatchula madola 20 biliyoni, theka lake likhale lake. America ndi Britain zinkakumbukira zimene zinachitika nkhondo yoyamba itatha, pamene Germany inkalipira chipukutamisozi ndi ndalama zongongola ku America komweko. Ku Potsdam anathawa kutchula mtengo. Anati aliyense atenge m'chigawo chake, ndipo Soviet Union ipatsidwenso gawo limodzi mwa magawo anayi a makina ochotsedwa m'mafakitale a kumadzulo, ena ulere, ena posinthana ndi chakudya, malasha ndi matabwa.

Apa mfundo ziwiri zinaombana. Chuma n'chimodzi, koma aliyense azikolola kwake. Kum'mawa anamasula mafakitale athunthu n'kuwakweza pa sitima, mpaka kuzula njanji: pomwe panali mizere iwiri panatsala umodzi. Kumadzulo vuto linali njala. Chigawo cha Britain chinali cha mafakitale ndi mizinda ikuluikulu, ndipo tirigu ndi mbatatesi zake kale zinkachokera kum'mawa. Britain inayamba kudyetsa adani ake a dzulo ndi ndalama zake, moti mu Julayi 1946 inayamba kugawa buledi moyeza kwa anthu ake omwe, zimene sizinachitike ngakhale nkhondo ili pachimake. Mu Meyi chaka chomwecho mkulu wa asilikali a America, Lucius Clay, anali ataimitsa kutumiza makina kunja kwa chigawo chake. Moscow inati chipukutamisozi chabedwa. Washington inati chuma chimodzi chija sichikuoneka. Aliyense ankaloza ndime yake m'pepala lomwelo, ndipo aliyense anali ndi poimira.

Ndale nazo zinali zitayamba kusiyana. Kum'mawa minda yoposa mahekitala 100 inalandidwa n'kugawidwa, ndipo mu Epulo 1946 chipani cha Social Democrat chinaphatikizidwa mokakamiza ndi cha chikomyunizimu n'kupanga chipani chimodzi chotchedwa SED, chimene chinadzalamulira kum'mawako. Kumadzulo America ndi Britain zinaphatikiza chuma cha zigawo zawo pa 1 Januwale 1947.

Nduna zoona zakunja za mayiko anayiwa zinakumana ku Moscow mu Marichi ndi Epulo 1947, masabata asanu ndi limodzi athunthu, popanda chogwirika. Molotov wa ku Soviet Union ankafuna madola 10 biliyoni aja, mawu pa kayendetsedwe ka Ruhr, ndi boma lamphamvu kulikulu. Marshall wa ku America ndi Bevin wa ku Britain ankafuna boma la chitaganya, komanso kuti Germany iyambe yadzidyetsa yokha isanalipire wina aliyense. Stalin anauza Marshall kuti asadandaule, anthu akatopa ndi kukangana amagwirizana. Marshall anamva ngati akuuzidwa kuti Moscow ilibe changu, ndipo atafika kwawo ananena pa wailesi kuti wodwala akutha madokotala akadali kukambirana. Mu Juni analengeza thandizo lomangiranso Ulaya limene limadziwika ndi dzina lake. Msonkhano wotsatira, wa ku London, unabalalika mu Disembala osatchula n'komwe tsiku lodzakumananso.

Ndalama yatsopano, misewu yotsekedwa

Pofika 1948 ndalama yakale ya Reichsmark inali mapepala chabe. Pamsika wa mseri anthu ankagula batala ndi nsapato ndi ndudu za ku America. Mayiko atatu a kumadzulo anasindikiza ndalama yatsopano mwachinsinsi ku America, ndipo pa 20 Juni aliyense m'zigawo zawo analandira ma Deutsche Mark 40 pamanja. Kutacha, mawindo a masitolo amene anali mbee anadzaza katundu yemwe eni ake ankabisa.

Kwa Moscow uku kunali kung'amba pepala la Potsdam poyera, pakuti dziko la ndalama ziwiri si limodzinso. Woimira Soviet Union, Sokolovsky, anali atatuluka kale m'bungwe la anayi lija pa 20 Marichi, potsutsa kuti a kumadzulo akukambirana za tsogolo la Germany ku London popanda iwo. Ndalama yatsopano italowanso m'madera a kumadzulo a Berlin, pa 24 Juni njanji, misewu ndi ngalande zonse zolowera kumeneko zinatsekedwa, magetsi n'kudulidwa.

Apa m'pamene zolembedwa ndi za pakamwa zinasiyana koyamba. Za kudutsa pamtunda, akuluakulu a asilikali anangogwirizana pakamwa mu 1945. Koma njira zitatu za mumlengalenga, iliyonse yotambalala makilomita 32, zinalembedwa mu Novembala chaka chomwecho pofuna kupewa ngozi za ndege. Kutseka msewu kunkangofuna mtengo wopingasa ndi chikwangwani choti mlatho ukukonzedwa. Kutseka mlengalenga kukanafuna kuwombera ndege, ndipo wowomberayo ndiye akanayambitsa nkhondo. Ndege za America ndi Britain zinauluka maulendo oposa 270,000 n'kunyamula matani oposa 2 miliyoni, ambiri a iwo malasha, kudyetsa ndi kufunditsa anthu oposa 2 miliyoni. Mapeto ake anakonzedwa mwakachetechete ku New York ndi akazembe awiri a ku United Nations, Philip Jessup ndi Yakov Malik, ndipo misewu inatsegulidwa pa 12 Meyi 1949.

Chaka chomwecho maboma awiri anabadwa: Federal Republic kumadzulo, likulu lake ku Bonn, mtsogoleri wake Konrad Adenauer, ndi German Democratic Republic kum'mawa pa 7 Okutobala. Lililonse linkati ndilo Germany yeniyeni, linzakelo ndi chidole cha alendo. Ndipo mayiko anayi aja, ngakhale anapatsa maboma awiriwa ufulu pang'onopang'ono, anasunga m'manja mwawo mawu omaliza pa Berlin ndi pa Germany yonse. Mphamvu imeneyi sinathe mpaka 1990.

Kusalowerera mbali

Dziko losalowerera mbali ndi limene lalonjeza kuti silidzalowa gulu lankhondo lililonse ndipo silidzalola asilikali akunja kukhala m'dziko mwake. Nkhondo ya ku Korea itabuka mu 1950, America inayamba kukakamira kuti Germany ya kumadzulo ipatsidwenso zida. Mapangano ake ali pafupi kusainidwa, pa 10 Marichi 1952 akazembe a mayiko atatu ku Moscow anapatsidwa kalata imene mpaka lero imatchedwa kalata ya Stalin. Inkati Germany igwirizanenso, asilikali onse akunja achoke pasanathe chaka pangano la mtendere litayamba kugwira ntchito, dzikolo likhale ndi asilikali akeake odzitetezera, koma lisalowe gulu lililonse lolimbana ndi amene analigonjetsa.

A kumadzulo anayankha pa 25 Marichi kuti choyamba pachitike chisankho chaufulu m'dziko lonse, nthumwi za United Nations zitatsimikiza kuti n'chotheka, ndipo boma lotuluka pamenepo lisankhe lokha abwenzi ake. Makalata anapita n'kubwera mpaka Sepitembala, koma mfundo inali pomwepo.

Mkangano wa chimene chiyambe unkaoneka ngati wa maloya, koma masamu ake anali osavuta. Kumadzulo kunali anthu pafupifupi 50 miliyoni, kum'mawa pafupifupi 18 miliyoni. Kuyamba ndi chisankho kukanathetsa ulamuliro wa SED tsiku lomwelo, ndipo boma latsopanolo mwachidziwikire likanatsamira kumadzulo. Kuyamba ndi kukhazika maboma awiriwo pa tebulo ngati ofanana, monga Moscow inkafunira, kukanapatsa boma losasankhidwa mphamvu yokana chilichonse. Mbali iliyonse inkapempha dongosolo limene mathero ake inkawadziwa kale.

Adenauer anaiona kalatayo ngati chikomekome cha mkuyu. Ankaopa Germany yoima yokha pakati, asilikali a America atawoloka nyanja pamene a Soviet Union angobwerera kuseri kwa mtsinje wa Oder. Otsutsa boma a Social Democrat, ngakhalenso nduna yake Jakob Kaiser, ankati kukhala pansi n'kuyesa ngati Stalin akunena zoona sikukanawononga kanthu. Kumapeto kwa Meyi mapangano a kumadzulo anasainidwa, ndipo sabata yomweyo boma la kum'mawa linatseka malire a pakati pa ma Germany awiriwa, kusiya Berlin yokha ngati khomo.

Stalin anamwalira mu Marichi 1953. Mu Juni akasinja a Soviet Union anathetsa zionetsero za anthu apantchito kum'mawa. Nduna zinayi zinakumananso ku Berlin kumayambiriro kwa 1954, n'kubwereza zomwe zija. Mu Meyi 1955 Germany ya kumadzulo inalowa NATO, ndipo patangopita masiku ochepa mayiko a kum'mawa anapanga gulu lawo la Warsaw Pact.

Tsiku lotsatira, pa 15 Meyi, mayiko anayi omwewa anasainira kuchoka mu Austria, dziko limene nalo linali ndi zigawo zinayi ndi likulu logawidwa. Austria inalonjeza kusalowerera mbali ndipo inatsala yathunthu. Kusiyana kwake n'kwakuti Austria inali ndi boma limodzi losankhidwa chiyambire 1945, anthu ake anali pafupifupi 7 miliyoni, ndipo inalibe Ruhr. Kulikonse kumene ikanatsamira, sikelo ya mphamvu mu Ulaya sikanapendekeka. Za Germany sizinali choncho, ndipo zikuoneka kuti mbali zonse zinafika poona kuti theka lili m'manja n'labwino kuposa dziko lathunthu limene mwina lingapite kwa mnzako. Pochokera ku msonkhano wa atsogoleri ku Geneva mu Julayi 1955, Khrushchev, mtsogoleri watsopano wa Soviet Union, anaima ku East Berlin n'kunena poyera kuti tsopano pali mayiko awiri.

Kuvomereza boma

Kuvomereza boma ndi pamene dziko lina lanena kuti awa ndiwo olamulira enieni a dera lakutilakuti, n'kutumizirana nawo akazembe. Bonn inakana kuti boma la kum'mawa liliko, ndipo kuyambira 1955 inaika mfundo, yodziwika ndi dzina la Walter Hallstein, yoti dziko lililonse lotsegula ubale ndi East Berlin ladana ndi Bonn. Yugoslavia inadulidwa ubale mu 1957, Cuba mu 1963. Mkanganowu unafika ngakhale kwa aneba athu. Zanzibar inali itavomereza boma la kum'mawa isanaphatikizane ndi Tanganyika, ndipo mu 1965 Julius Nyerere atalola kuti bomalo litsegule ofesi ku Dar es Salaam, Bonn inachotsa alangizi ake a zankhondo. Nyerere anawauza kuti atenge ndi thandizo lina lotsalalo.

Kum'mawa vuto linali la anthu othawa. Pakati pa 1949 ndi 1961 anthu oposa 2.5 miliyoni anachoka, ambiri a iwo achinyamata ndi anthu a luso, ndipo m'zaka zomalizazo njira inali kungokwera sitima ya mumzinda n'kutsikira ku West Berlin. Mu Novembala 1958 Khrushchev anapatsa a kumadzulo miyezi isanu ndi umodzi kuti achotse asilikali awo mumzindawo. Nthawiyo inadutsa osachoka. Mu Julayi 1961 pulezidenti wa America, Kennedy, anatchula zinthu zitatu zimene America ingamenyere nkhondo: asilikali ake kukhalabe, njira yolowera, ndi ufulu wa anthu a ku West Berlin. Za East Berlin sanatchule. Pa 13 Ogasiti waya waminga unakokedwa pakati pa mzinda, kenako khoma. A kumadzulo anadandaula ndi makalata basi. Anthu osachepera 140 anafera pa khomali m'zaka 28.

Willy Brandt, amene anali meya wa West Berlin tsiku limenelo, atakhala mtsogoleri wa boma la ku Bonn mu 1969 anasintha njira: kuvomereza zimene zilipo kuti anthu apume. Anasainirana ndi Moscow ndi Warsaw mu 1970 kuti malire sadzasinthidwa ndi mfuti. Pa 3 Sepitembala 1971 mayiko anayi analemba tsopano za kudutsa pamsewu ndi panjanji kupita ku West Berlin, nkhani ija inasiyidwa pakamwa zaka 26 m'mbuyomo. Maboma awiri a Germany anavomerezana mu 1972, ngakhale Bonn inakana kutcha nthumwi zawo akazembe, ndipo onse analowa United Nations mu 1973. Otsutsa Brandt ankati wagulitsa dziko. Omuikira kumbuyo ankati sanapereke chilichonse chimene sichinatayike kale mu 1945.

Awiri ndi anayi

Khoma litatseguka pa 9 Novembala 1989, mphamvu zakale za mayiko anayi zinatulutsidwa m'kabati, pakuti Ajeremani sakanagwirizana popanda chilolezo chawo. Thatcher wa ku Britain sankabisa mantha ake, Mitterrand wa ku France naye ankakayika, ndipo kum'mawa kunali asilikali a Soviet Union oposa 300,000. Pulezidenti wa America wa nthawi imeneyo, George Bush, anaikira kumbuyo Helmut Kohl, mtsogoleri wa Germany ya kumadzulo, koma pa mfundo imodzi, yoti Germany yogwirizana ikhale mu NATO. Ku Ottawa mu Febuluwale 1990 anagwirizana za kakhalidwe ka pa tebulo: maboma awiri a Germany ndi mayiko anayi, osati mayiko onse amene anamenyana ndi Hitler.

Pa 9 Febuluwale ku Moscow, nduna ya zakunja ya America James Baker anafunsa Gorbachev, mtsogoleri wa Soviet Union, chimene angakonde: Germany yoima payokha yopanda asilikali a America, kapena Germany ya mu NATO ndi chitsimikizo choti ulamuliro wa NATO sudzasunthira kum'mawa ngakhale inchi imodzi. Kohl ananena zofanana nazo tsiku lotsatira. Koma mwezi usanathe Bush anasiya mawu amenewa, poona kuti dziko silingakhale mu NATO theka lokha, ndipo m'malo mwake anayamba kunena za malamulo apadera a dera la kum'mawa kwa Germany.

Zinthu zinathamanga kuposa akazembe. Pa chisankho cha pa 18 Marichi anthu a kum'mawa anasankha zipani zofuna kugwirizana msanga, ndipo pa 1 Julayi Deutsche Mark inalowa kum'mawa. Gorbachev, chuma cha kwawo chikugwa, anavomera kumapeto kwa Meyi ku Washington kuti Germany ili ndi ufulu wosankha gulu, monga pangano la ku Helsinki la 1975 linanenera za mayiko onse a mu Ulaya, ndipo mu Julayi anamaliza zotsala ndi Kohl.

Pangano linasainidwa ku Moscow pa 12 Sepitembala 1990, ndipo linatsala pang'ono kulephereka: usiku wake a ku Britain anakakamira kuti asilikali a NATO aziloledwa kukachita zokonzekera kum'mawa, mpaka nduna ya Germany Hans-Dietrich Genscher anakadzutsa Baker pakati pa usiku kuti apeze mawu ogwirizanitsa. Zolembedwa zake n'zakuti malire alipowa ndi omaliza, Germany sidzakhala ndi zida za nyukiliya kapena za poizoni, asilikali ake sadzaposa 370,000, a Soviet Union adzachoka pofika kumapeto kwa 1994, ndipo m'dera lakale la kum'mawa simudzakhazikika asilikali akunja kapena zida za nyukiliya. Bonn inapereka ma Deutsche Mark 12 biliyoni othandizira kusamutsa asilikaliwo, ndi ngongole ina ya 3 biliyoni yopanda chiwongoladzanja. Pa 3 Okutobala Germany inakhala imodzi. Za Poland, Hungary kapena dziko lina lililonse kulowa NATO, m'panganomo mulibe.

Zimene sizinathebe

Funso loyamba ndi la inchi ija. Kuti mawuwo ananenedwa, zolemba za mbali zonse zimavomereza. Ena amati ankangonena za kum'mawa kwa Germany, pakuti Warsaw Pact inali ikadalipo mpaka 1991, ndipo lonjezo limenelo linalembedwa n'kusungidwa. Ena amati Genscher ndi anzake analankhulanso za Ulaya yense wa kum'mawa, ndipo Gorbachev analola zambiri podalira mawu amenewo. Gorbachev mwini wake mu 2014 ananena kuti za kukula kwa NATO sizinakambidwe nthawi imeneyo, koma anawonjezera kuti kukulako kunaphwanya mzimu wa zimene anauzidwa. Pamwamba pake pali funso la Poland, Hungary ndi Czech Republic, zimene zinalowa NATO mu 1999 mwa kufuna kwawo: kodi mayiko ena akanawalonjezera tsogolo lawo iwo palibe?

Lachiwiri ndi la kalata ya 1952. Mafaelo a ku Moscow atatsegulidwa, akatswiri a mbiri ambiri anapeza umboni woti cholinga chinali kusokoneza mapangano a kumadzulo, koma ena, powerenga mapepala omwewo, amati Stalin anali wokonzeka kutaya SED kuti apeze Germany yosalowerera mbali. Popeza palibe anamuyesa pa tebulo, yankho lenileni linapita naye.

Lachitatu ndi chipukutamisozi. Pangano la ngongole la ku London la 1953 linati madandaulo otsala a nkhondo adikire kutha kwa nkhani yonse, ndipo mu 1990 Bonn inaonetsetsa kuti pepala la ku Moscow lisakhale pangano la mtendere, limene likanaitana odandaula onse. Boma la Germany limati nkhaniyi inatsekedwa. Greece imati sinatsekedwe, ndipo imatchulanso ngongole imene inakakamizidwa kupereka mu 1942. Poland mu 2022 inapempha ndalama zokwana madola pafupifupi 1.3 thiriliyoni. Berlin imayankha kuti Poland inasiya yokha madandaulo ake mu 1953, a ku Warsaw amene anapempha ndalamazo n'kumati boma la nthawi imeneyo linkangomvera Moscow. Mayiko awiriwa, Greece ndi Poland, sanasainire nawo pangano la 1990, ndipo ngati likuwamanga kapena ayi ndi nkhani imene maloya a mbali zonse akukanganabe.